Tinabisa nkhope, tinaiwala geti

(Awa ndi mawu amene tinalankhula pa kukumana kwa atsikana Loweruka lapitali. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano, ndiye tawasiya pafupifupi momwe tinalankhulira.)

Amene mwakhala kumbuyo uko, mukutimva? Chabwino. Soketi yochajira ili pakona apo, koma musakanganirane, tonse tabwera ndi mabatire ofiira.

Anatipempha kuti tilankhule za masamba a mchezo, ndipo tikudziwa zomwe ena mukuyembekezera. Mukuganiza kuti tikuuzani kuti musamaike zithunzi zambiri, muzivala modzilemekeza, musamayankhe anthu osawadziwa. Zimenezo munazimva kale kwa azakhali anu ndi kutchalitchi, ife sitibwereza. Lero tabwera kudzaulula cholakwa chathu. Tinapweteka munthu ndi foni, munthu amene tinkafuna kumuthandiza. Koma tisanafike kumeneko, tiyeni tikumbutsane kaye kumene tinachokera.

Ambiri a ife tinatsegula akaunti ya Facebook tili ku sekondale, pa foni yobwereka, titanama zaka. Tinkalowa kudzera pa Opera Mini, usiku, titafunda bulangeti kumutu kuti a metironi asaone kuwala. Kunali Facebook ija yaulere yosaonetsa zithunzi, mukuikumbukira eti? Umangoona anthu makumi awiri alemba kuti "mwatchena asisi", chithunzicho iwe osachiona, koma nawe nkulemba kuti "mwatchena zedi". Tinaphunzira msanga kuombera m'manja zinthu zomwe sitinazione. Tikuseka, koma khalidwe limenelo silinatichoke.

Komabe tisanyoze chomwe foni inatipatsa. Tinakulira m'makomo momwe mtsikana akayankha amati ndi wamwano. Pa chinkhoswe chako chomwe, amalankhula ndi amalume. Pamaliro amalankhula ndi amfumu ndi akuluakulu a mpingo, ife tili kuseri tikusonkha moto ndi kutsuka mbale. Ku yunivesite, m'kalasi la anthu zana, mtsikana akakweza dzanja kawiri amapatsidwa dzina. Ndiye panabwera kabokosi kofunsa kuti ukuganiza chiyani, kosafuna chilolezo cha malume kapena cha mfumu. Tinalemba, abale. Tinalemba za msambo, za kondakitala wogwira pomwe sanaitanidwe, za mphunzitsi wofuna chibwenzi kuti malikisi atuluke. Ndipo wina wa ku Mzuzu amene sitinakumanepo naye ankayankha kuti "nanenso zinandichitikira". Mawu awiri okhawo anatichotsa manyazi amene tinasenza zaka zambiri. Kwa ena muno foni yomweyi ndiye shopu: sitetasi ya WhatsApp ndiye benchi la kaunjika, ndalama ikulowa pa Mpamba kapena pa Airtel Money, lendi ikulipidwa popanda kupempha munthu. Amene amatiuza kuti tingochoka pa intaneti basi sanawerengere zimenezi.

Mu Januwale 2012, mavenda ena ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ankavula amayi pamsewu chifukwa chovala buluku kapena siketi yaifupi, ngati kuti lamulo la kavalidwe la 1973 lija linali lidakalipo. Amayi anasonkhana kuno ku Blantyre, ambiri atavala mabuluku dala, kunena kuti zatikwana. Ife nthawi imeneyo tinali ana, tinazimvera pa wailesi, akuluakulu akutiuza kuti tituluke panja. Koma za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu mu Okutobala 2019 tinazimvera m'manja mwathu. Tinalemba, tinakwiya, tinasintha zithunzi za pa profile. Mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe linagamula kuti amayi ndi atsikana 18 amene anagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza ndi apolisi apatsidwe chipepeso. Timakhulupirira kuti phokoso lathu linathandiza kuti nkhaniyo isakwiriridwe. Koma tizinena zoona: amene anakwera galimoto kupita kumidziko, kukhala pansi ndi amayiwo, kulemba zikalata ndi kuima pamaso pa woweruza anali maloya a Women Lawyers Association. Ndipo maina ndi nkhope za amayi aja sizinamwazidwe kuti ife tipeze ma like. Phunziro limenelo linali pamphuno pathu, ife osaliona.

Zina tinaziona tonse. Mu 2020 kampeni ya #DataMustFall inachititsa makampani a mafoni kutsitsako mitengo. Mu Januwale 2021, Covid itavuta, a Onjezani Kenani anapempha pa Facebook ndipo anthu wamba anasonkha ndalama zogulira zipangizo za okisijeni m'zipatala. Namondwe wa Freddy atagwetsa phiri pa Chilobwe mu Malichi 2023, ambiri muno munasonkha zovala ndi ufa kudzera m'magulupu. Ndiye tinafika pokhulupirira kuti vuto lililonse mankhwala ake ndi positi. Ukaona vuto, jambula, lemba, ika nambala, anthu athandiza.

Tsopano nkhani yathu ija.

Tili ndi kagulu kathu ka WhatsApp, atsikana ongodzipereka, komwe timadziwitsana nkhani za nkhanza zikachitika m'dera. Usiku wina chaka chatha, nyengo yozizira, cha m'ma 9 koloko, mmodzi wa ife anaimba kuti pali mayi wachichepere wa ana awiri amene mwamuna wake wamumenya mpaka diso kutsekeka. Tinapita atatu pa kabaza. Tinamupeza kwa aneba, akunjenjemera, mwana wamng'ono ali kumsana. Analibe ngakhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala, ndipo ifenso m'matumba munali mbee. M'nyumbamo munali kandulo yokha, ndiye tinamutulutsa panja pomwe panali babu loyaka pageti, kuti mabala aoneke bwino. Tinamufunsa kuti, "Asisi, tiike pa Facebook kuti anthu athandize?" Anagwedeza mutu, misozi ikutsika. Tinabisa nkhope ndi kaemoji. Dzina sitinalembe, dera sitinatchule. Tinadziona ngati madolo odziwa ntchito.

Pofika m'mawa positi inali itayenda kuposa china chilichonse chimene tinalembapo. Ndalama zinalowa zokwanira thiransipoti, mankhwala, ndi lendi ya mwezi umodzi ngati akanafuna kusamuka. Tisanamizane, tinasangalala. M'kagulu kathu tinkatumizirana ma screenshot a nambala ya ma share ikukwera, timitima tikuuluka. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti kodi mwa anthu onsewa, angati amakhala msewu womwewo.

Masana ake mlamu wake wa mayi uja anaiona pa gulupu ya kwaya. Sanafunikire nkhope. Geti analidziwa, lobiriwira, lopindika pakona, pambali pake pali chikwangwani cha ogulitsa makala. Chitenje chomwe mayiyo anafunda chinali cha yunifomu ya ukwati wina wa m'banja mwawo, chomwe achibale onse anagula. Pofika madzulo apongozi ndi ankhoswe anali pakhomo. Nkhani ya diso lotupa inathera pomwepo. Mlandu unasanduka woti iyeyo wayalutsa banja pa intaneti. Aneba amene anamusunga anaopsezedwa, ndipo anatikwiyira, ndipo anali ndi chifukwa: geti linali lawo. Tinali titapangana kuti Lolemba tipita naye ku Victim Support Unit. Sanabwere. Foni yake inali yozima. Patapita sabata tinamva kuti anamutumiza kumudzi ndi ana, ndipo kageni kake ka tomato ndi mafuta oyeza kanafera pomwepo.

Tinafufuta positi usiku womwewo. Koma madzi akatayika sawoleka. Ma screenshot anali kale m'mafoni a anthu amene sitidzawadziwa, ndipo pansi pake anthu anali kulemba zawo: ena kuti anayamba ndi iyeyo, ena kuti akazi a masiku ano alibe mwambo, ena kufunsa kuti ndi wa kuti.

Panapita miyezi isanu. Mmodzi wa ife anakumana naye mwangozi ku Limbe. Sanalalate, sanatukwane, mwina zikanakhala bwino akanatero. Anangoti: "Munandifunsa, sindikukana. Koma ine foni yanga ndi ya mabatani. Ndinkayesa Facebook ndi ofesi ina yake komwe kumakhala anthu othandiza. Simunandiuze kuti ndi msika wa Limbe."

Mawu amenewo takhala nawo mpaka lero. Ife tinapita ku yunivesite, tinakhala m'mawekishopu ophunzitsa za chilolezo, timatha kulitchula liwulo ngakhale m'Chingerezi. Koma chilolezo cha munthu amene akutuluka magazi, 10 koloko usiku, amene sanaonepo chinthu chomwe akuvomeracho, ndi chilolezo chanji? Tinamufunsa kuti ife timasuke, osati kuti iye amvetse. Ndipo pali funso lina lowawa kwambiri lomwe tinachedwa kudzifunsa: kodi tinkafunikiradi chithunzi? Ndalama ya kabaza ndi mankhwala tikanaipeza m'kagulu kathu komwe, aliyense akanaponya pang'ono. Chithunzi tinachifuna chifukwa tikudziwa mmene masambawa amagwirira ntchito. Positi ya mawu okha imafa msanga. Ya bala imayenda, chifukwa anthu amaima, amakwiya, amalemba ndemanga, ndipo makina a Facebook akaona anthu akuima pamenepo amaionetsa kwa enanso ambiri. Kampaniyo imapeza ndalama pa nthawi imene maso athu akhala pa sikirini. Ife tinaphunzira malamulo a msika umenewo bwinobwino, ndipo tsiku limenelo katundu wathu anali diso la mnzathu.

Popeza tayamba kuulula, tiyeni tipitirize. Mukudziwa mmene zimakhalira "ikatuluka ina". Gulupu imene inali zii imadzuka. "Ali nayo atiponyere ku inbox." Si anyamata okha amalemba zimenezo, tisanamizane. Ife timangosintha mawu. Timati tikufuna tione ngati ndi iyeyodi. Timati tikutumizira mnzathu kuti amuchenjeze. Timatumiza ndi kaemoji kolira, ngati kuti kulirako kumachepetsa maliseche a munthu. Koma kwa mtsikana amene ali pa vidiyoyo, amene watumiza akuseka ndi amene watumiza akulira achita chimodzimodzi: awonjezera maso. Anthu amakonda kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndi zoona, makamaka pano pomwe munthu angathe kutenga nkhope yako pa profile nkuimata pa thupi la wina ndi mapulogalamu a AI, iwe usanajambulitsepo chilichonse. Koma ife mwambi umenewu pano sutikwanira. Ngakhale zitakhala kuti sizidzatichitikira mpaka kufa, mnzathuyo zamuchitikira lero, ndipo akuopa kutuluka kukagula ndiwo. Amene ayenera kuchita manyazi ndi amene anapatsidwa chinthu mwachikondi nkuchisandutsa chikwapu. Funso loti "anajambuliranji" tilisiye, latha ntchito.

Lamulo lilipo, ndipo ndi bwino kulidziwa ndi manambala ake, chifukwa ukafika pa kauntala uli ndi nambala ya gawo amakumvera mosiyana. Ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Gawo 86 likunena za munthu wogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta kupitiriza kukutumizira zolaula kapena kukuopseza kuti akuvulaza; chilango chake chimafika K2,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Gawo 87 ndi la mauthenga obwerezabwereza osokoneza mtendere ndi chinsinsi cha munthu. Gawo 88 ndi la munthu wokulondalonda pa intaneti ndi kukuopseza. Ngati amene ali pa chithunzi sanakwane zaka 18, ndi mlandu waukulu kwambiri, ndipo kungokhala nacho m'foni mwako wapalamula kale. Tikudziwa zomwe ena mukunong'onezana uko: lamulo lomweli taliona likuthamanga pomanga anthu amene anyoza atsogoleri pa WhatsApp, koma likafika pa ife limayenda ngati nkhono. Ifenso timaona choncho. Nchifukwa chake sitipita tokha, timapita awiri kapena atatu, ndipo timabwereranso mawa lake.

Ndiye wina akayamba kukuopseza kuti "ukandisiya ndizitulutsa", kapena "tumiza ndalama apo ayi ndiika pa gulupu", chinthu choyamba chimene mtima umafuna ndi kufufuta zonse ndi kumubuloka. Dikirani kaye. Jambulani ma screenshot oonetsa nambala yake, tsiku ndi nthawi, muwatumize kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Kuyambira 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye nambala ili ndi mwini wake, ngakhale akathyali ena amalembetsa ndi ziphaso za anthu ena. Ndalama musatumize, wolandira kamodzi amabweranso. Palinso tsamba lotchedwa StopNCII.org. Mmene limagwirira ntchito ndi motere: mumasankha chithunzicho pa foni yanu, tsambalo limapanga kachidindo ka manambala kochokera pa chithunzicho, ngati chidindo cha chala, ndipo chimene chimapita kwa iwo ndi kachidindoko, chithunzi chimatsala m'foni mwanu. Facebook, Instagram, TikTok ndi ena akaona chithunzi chofanana ndi kachidindoko amachitsekereza. Limenelo ndi la azaka 18 kupita m'mwamba. La ana ndi Take It Down. Koma pa WhatsApp sizithandiza, chifukwa mauthenga a kumeneko ndi otsekedwa, kampani siona zomwe zikudutsa. Pa WhatsApp chotchinga chokha ndi chala cha amene walandira. Chala chanu, chala chathu.

Mwina mukuti, ndiye tingokhala chete? Ayi. Tamverani iyi. Mu Malichi 2024 BBC Africa Eye inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakagwidwa ukapolo wa ntchito zapakhomo ku Oman. Mmodzi anakopedwa atalonjezedwa ntchito ya udalaivala ku Dubai. Atafika analandidwa mapasipoti, ndipo malamulo a kumeneko otchedwa kafala amamangirira wantchito kwa bwana wake, moti kuchoka pakhomopo popanda chilolezo umasanduka wothawa. Mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America, a Pililani Mombe Nyoni, anaona pempho la mmodzi wa iwo pa Facebook. Anatsegula gulupu ya WhatsApp, amayiwo anayamba kuitanana mmodzimmodzi, kutumiza ma voice note mobisa. Pomaliza, mothandizana ndi bungwe la Do Bold ndi boma, amayi oposa 50 anabwerera kwawo. Foni inathandiza kuwatulutsa. Chomwe ife tinatolapo ndi ichi: ntchito yaikulu inachitikira m'chipinda chotseka, mwa anthu odziwana maina, kwa nthawi yaitali, popanda woombera m'manja. Ndipo popeza tafika pamenepa, wina akakulonjezani ntchito kunja kudzera pa inbox, akukuuzani kuti musauze aliyense mpaka mutakwera ndege, bwerani mutiuze ife.

Pali chinanso chimene mayi wa geti uja anatitsegula maso. Timalembera ndani? Tayang'anani masamba athu ambiri. Chingerezi chokhachokha, mawu aataliatali amene ngakhale ife tinawaphunzira chaka chachitatu ku koleji. Amene amatiyankha ndi anzathu a m'mabungwe, timayamikirana tokhatokha. Koma mayi wa ku Bangwe kapena ku Mbayani amene tikuti tikumuyankhulira, ngati ali ndi WhatsApp nkomwe, salemba, amatumiza voice note ya mphindi zinayi yoyamba ndi kufunsa mmene ana adzukira. Bandulo yake ndi ya tsiku limodzi, ndipo pa ndalama imeneyo boma limadulapo msonkho wa 10 peresenti umene unaikidwa pa data ndi ma SMS mu 2015, kuwonjezera pa VAT. Vidiyo yathu yokongola ija sangaitsegule. Chinanso, foni zambiri zimene timati ndi za amayi ndi za banja. Bambo amaitenga madzulo, amadziwa pasiwedi, mwina anagula ndi iwowo. Tinaphunzira mochedwa kuti uthenga wachikondi woti "Asisi, akumenyaninso?" ukhoza kuwerengedwa ndi womenyayo. Pano timalemba kuti "Tomato alipo lero?" ndipo iye amadziwa kuti aimbe akakhala yekha. Ndi chifukwa chakenso lero tikulankhula Chichewa, ndipo tikupepesa kuti tinachedwa.

Za kutopa tinenepo pang'ono, chifukwa ena muno mukufuna kuyamba masamba anu. Ukangolemba za ufulu wa amayi kawiri katatu, maina amabwera okha: hule, wosowa banja, wodya ndalama za azungu. Ena amakutumizira zithunzi za ziwalo zawo m'mawa usanamwe tiyi. Poyamba tinkayankha aliyense, tinkayesa ndi ntchito yathu kuphunzitsa munthu aliyense wa dzina labodza ndi chithunzi cha galimoto. Tinasiya. Kubuloka si mantha, ndi kutseka chitseko cha nyumba yako. Chovuta kwambiri si otukwana, ndi foni yolira 2 koloko usiku, ndi zithunzi za mabala zimene zimakhala m'galare limodzi ndi za tsiku lako lobadwa. Mmodzi wa ife anafika posagona, foni ikangonjenjemera mtima kugunda. Pano timasinthana sabata ndi sabata, ndipo amene sali pa ntchito amaloledwa kuika gulupu pa mute popanda wina kumunena.

Ndiye pano timachita bwanji? Munthu akabwera ndi bala, foni imakhala m'thumba. Timayamba ndi chipatala. Ngati wagwiriridwa timathamanga, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. M'zipatala zazikulu muli malo a Chikwanekwane, komwe adokotala, apolisi ndi alangizi amapezeka pamodzi kuti munthu asafotokoze nkhani yake maofesi anayi. Nambala ya 5600 ndi yaulere pa nkhani za nkhanza, 116 ndi ya ana. Zithunzi za mabala timajambula ngati iye wafuna, koma ndi za dokotala ndi khoti, osati za tsamba. Ndalama timasonkha mwa ife tokha kaye. Ngati patapita masiku mwini wake akufunabe kuti nkhani yake imveke, timakhala naye pansi, timamutsegulira positi ina yofanana nayo, nkumuwerengera ndemanga mokweza, zoipa zomwe, kuti amve mmene msika umalankhulira. Timamufunsa kuti, apongozi anu akaiona, chichitike ndi chiyani? Mugona kuti usiku umenewo? Ena akamva amati ayi, zisiyeni. Ena amati ikani, ndipo ikani ndi dzina langa lomwe. Onsewo timawamvera. Pokhapokha pamene mwana wasowa ndi pomwe timathamangira kuika chithunzi, ndipo akapezeka timachichotsa ndi kupempha onse amene anagawa kuti achotsenso.

Sitikunena kuti tafikapo. Mwezi wathawu tinakangana mpaka pakati pa usiku za ngati tiike dzina la mwamuna wina amene atsikana atatu osadziwana anamutchula. Ena amati tikakhala chete apweteka wachinayi. Ena amati tilibe umboni woima nawo kukhoti, atisumira, ndipo atsikanawo ndi amene adzavutike kuposa ife. Sitinagwirizane. Dzinalo sitinaike, koma tikuperekeza awiri mwa atatuwo kwa loya, ndipo ena mwa ife mpaka pano akuona kuti tinachita mantha. Mwina pa nthawi ya mafunso mutithandiza maganizo.

Mayi uja anabwerera m'tauni. Akukhala ndi mchemwali wake, wayambiranso geni, ndipo kwa mwamuna uja sanabwerere, ngakhale mlandu sunapite kulikonse. Lachitatu tinapita kukamuwerengera mawu onsewa, kuyambira moni mpaka pano, tisanabwere nawo kwa inu. Anamvetsera akusankha nyemba. Anatiuza kuti tichotse ndime ziwiri, tinachotsa. Mtundu wa geti si umene tatchulawu, ndipo chomwe amagulitsa si tomato. Anatinso tikuuzeni kuti pano ali ndi foni ya WhatsApp, yogula yekha, ndipo pasiwedi yake saidziwa munthu.

Tsopano tulutsani mafoni, amene mwachaja ndi amene simunachaje. Tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, kenako Account, mupeze pomwe alemba Two-step verification. Muika manambala asanu ndi limodzi, oti wina akaba nambala yanu asalowe m'mauthenga anu ndi a anthu amene anakuuzani zinsinsi zawo. Chonde, tsiku lanu lobadwa ayi, ndi la chibwenzi chanu ayi. Amene zakukanikani kwezani dzanja, tikubwera pomwepo.